Nsanamira zinayi za pamanda a Kamuzu

Manda a Dr Hastings Kamuzu Banda ali mumzinda wa Lilongwe, pafupi ndi Capital Hill ndi nyumba ya malamulo. Amene anakafikako akudziwa kuti chimene chimakopa maso msanga ndi nsanamira zinayi, iliyonse kuimira mawu amene mwana wa sukulu wa nthawi ya ulamuliro wake ankawaloweza pamtima: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Chipani cha Malawi Congress chinkawatcha ngodya zinayi.

Omanga mandawo sanavutike kufotokozera Mmalawi tanthauzo la mtengo woimirira. Nyumba ya makolo athu inkayamba ndi nsichi, mitengo yozika pansi imene ankaimanga ndi mbalilo ndi luzi kenako n'kumata dothi. Denga la khonde linkakhala pa nsanamira, ndipo nyumba ikakula ankaika mzati pakati kuti usenze mapaso. Mmisiri wodziwa ankafuna muwanga kapena tsanya, mitengo imene chiswe chimaigonjera. N'chifukwa chake mpaka lero pamaliro timamva kuti malemu anali mzati wa banja, Asilamu amaphunzitsa ana nsanamira zisanu za chipembedzo chawo, ndipo masomphenya a Malawi 2063 nawo anawaimika pa nsanamira zitatu.

Koma zinayi za Kamuzuzi zili ndi mbiri yakeyake, ndipo si yokoma yonse. Mano ake anaoneka mu September 1964, patangopita miyezi iwiri dziko litalandira ufulu. Nduna zina zinatsutsana naye pa nkhani ya ubale ndi Apwitikizi a ku Mozambique, kuchedwa kukweza Amalawi pantchito za boma, ndiponso tiki (ndalama ya mapeni atatu) imene odwala ankalipira kuchipatala. Kamuzu anachotsa Orton Chirwa, Kanyama Chiume, Augustine Bwanausi ndi Rose Chibambo. Yatuta Chisiza, Willie Chokani ndi Henry Chipembere anatula pansi okha maudindo. Kuyambira pamenepo kufunsa funso kunasanduka kusamvera, ndipo wosamvera ankatchedwa chigawenga. Mu 1966 dziko linakhala la chipani chimodzi, mu 1971 Kamuzu anakhala pulezidenti wamuyaya.

Kumudzi ngodyazo zinkafika ndi anyamata a Youth League ndi a Payoniya. Wopanda khadi la chipani sankalowa mumsika kapena kukwera basi. A Mboni za Yehova, amene anakana kugula khadilo, anamenyedwa, kuwotcheredwa nyumba, ambiri n'kuthawira ku Zambia ndi ku Mozambique. Ngakhale zovala zinalowa m'lamulo: kuyambira 1973 mayi sankaloledwa kuvala buluku kapena siketi yoonetsa mawondo. Mukawayang'ana bwino mawu anayiwa, onse amauza munthu wamba zoti achite. Palibe limodzi lomuuza mtsogoleri malire ake, ndipo ine ndimaona kuti vuto linagona pamenepo.

Pa 14 June 1993 anthu anasankha zipani zambiri, chaka chotsatira Bakili Muluzi anapambana. Dzina la Kamuzu linafufutidwa pa bwalo la ndege, pa bwalo la masewero la ku Blantyre ndi pa chipatala chachikulu cha ku Lilongwe. Iye anaimbidwa mlandu wa imfa ya nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, komanso phungu David Chiwanga, amene anaphedwa ku Mwanza mu 1983, koma khothi linamupeza wosalakwa mu 1995. Anamwalira ku Johannesburg pa 25 November 1997.

Amene anadzamangitsa manda a nsanamirawa ndi Bingu wa Mutharika, ndipo anawatsegulira mu 2006. Nthawiyo n'kuti atachoka mu UDF, akusowa aphungu m'nyumba ya malamulo, ndiye kulemekeza Ngwazi kunali ndi phindu lake kuchigawo chapakati. Mayina aja anabwezeretsedwanso.

Mkangano ulipobe. Ena amati masiku a ngodya zinayi kunalibe umbava, ana ankaopa akulu, mankhwala ankapezeka. Ena amakumbuka ndende ya Mikuyu, ndi Orton Chirwa amene anafera m'ndende ya Zomba mu 1992. Khothi lapadera limene malamulo a 1994 anakhazikitsa kuti lipepese ozunzidwa linatsekedwa anthu ambiri asanalandire chipukuta misozi chawo.