Wophika alipo, koma akuwerenga mapiritsi a mayi anu ndani?

"Tinawapezera mtsikana, ndipo ndalama timatumiza mwezi ndi mwezi." Mawu amenewa ndatopa nawo. Amanena ndi ana a ku Lilongwe, a ku Johannesburg, a ku Leeds, kawirikawiri ataimirira pambali pa bedi la mu wodi momwe mwagonekedwa mayi awo. Ndalamazo n'zofunika, mtsikanayo ndi wofunika. Koma afunseni onsewo kuti mayi amamwa mankhwala a mitundu ingati, BP yawo inali bwanji sabata yatha, anagwa liti komaliza, tsiku lobwerera kuchipatala ndi liti. Aliyense amayang'ana mnzake.

Kudziwa zimenezi ndi ntchito payokha, ndipo imafuna munthu wake, woyang'anira chisamaliro. Iyeyu saphika, sachapa, sagona pakhomopo. Amabwera pa masiku odziwika, kuunika kholo ndi nyumba, kulemba dongosolo, kuphunzitsa wothandiza pakhomo, kuperekeza kuchipatala ndi kuuza abale zoona ngakhale zili zowawa. Ku England lamulo la Care Act la 2014 limakakamiza khonsolo kuunika zosowa za munthu wamkulu amene akuoneka kuti akufunika chisamaliro. Kwathu kuno Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza okalamba mu 2024, koma musakhale chete kudikira kuti wina adzagogoda pakhomo pa mayi anu ku Ntcheu kudzaona chimbudzi chawo. Munthuyo mumupeze nokha: namwino wopuma pa ntchito, clinical officer wa m'deralo, kapena wodziwa ntchito ya chisamaliro cha anthu. Akati ndi namwino, funsani nambala yake ya m'kaundula wa bungwe la Nurses and Midwives Council of Malawi. Akati ndi clinical officer, ya ku Medical Council of Malawi. Yunifolomu yoyera telala aliyense amasoka.

Ulendo woyamba uchitikire pakhomo, osati pafoni. Pafoni kholo lililonse limati "ndili bwino mwanangu", chifukwa silifuna kukuvutitsani, ndiponso limaopa kuti mungalichotse pakhomo pake. Woyang'anira wodziwa ntchito amayamba ndi lichero. Amapempha kuti mankhwala onse a m'nyumbamo aikidwe mmenemo: a m'timapepala ta kuchipatala, omangidwa pa nsonga ya chitenje, a m'kachitini ka pansi pa pilo, a zitsamba omwe. Kenako amawayerekeza ndi zimene zalembedwa m'kabuku ka kuchipatala, n'kuwerenga limodzilimodzi. Ngati analandira mapiritsi 30 pa 1 mwezi uno, omwa limodzi patsiku, lero pa 20 ayenera kutsala 10. Akatsala 24, sakumwa. Akakhala kuti atha, ndiye kuti akumwa kawiri kapena akugawira anzawo a pafupi amene akudandaula mutu. Chinanso chimene chimapezeka kawirikawiri m'licheromo ndi mankhwala amodzi omwewo m'mapaketi awiri: mwachitsanzo piritsi la BP la amlodipine la kuchipatala cha boma ndi amlodipine amene mwana anagula ku famase ya m'tauni, osiyana mtundu ndi kukula, kholo n'kumamwa onse awiri poganiza kuti ndi osiyana. Miyendo kutupa, chizungulire, kenako kugwa. Mupezanso Brufen, diclofenac kapena Indocid ogula pa golosale chifukwa cha mawondo. Mankhwala amenewa akamamwedwa tsiku ndi tsiku ndi munthu wachikulire amakweza BP, amawononga impso, amayambitsa zilonda za m'mimba zotaya magazi. Chimbudzi chakuda ngati phula mwa munthu woteroyo ndi nkhani ya kuchipatala tsiku lomwelo.

BP isayezedwe kamodzi kokha munthu ali chikhalire. Ayezedwe atagona kwa mphindi 5, kenako ataimirira, pakatha mphindi 1 ndi mphindi 3. Nambala ya pamwamba ikatsika ndi 20 kapena kuposa, ndiye chifukwa chake amaona mdima akadzuka, ndipo adokotala ayenera kuunikanso mankhwalawo. Kayendedwe nakonso kamayezedwa: adzuke pampando, ayende mamita 3, atembenuke, abwerere, akhale. Zikawatengera masekondi 12 kapena kuposa, munthuyo ali pa chiopsezo cha kugwa. Sikelo mwezi uliwonse, pa sikelo yomweyomweyo. Wa makilogalamu 60 akafika pa 57 m'miyezi 6 popanda chifukwa chodziwika, imeneyo si nkhani ya ukalamba chabe. Suzumirani m'thumba la ufa. Ngati thumba la mwezi watha likadali lodzaza, mayi anu sakudya, kaya chifukwa cha mano ogwedera, kaya kusowa nkhuni, kaya kukhumudwa kwa munthu amene amadya yekha. Maso ndi makutu sindichedwapo: ng'ala imachotsedwa ndi opaleshoni ku Nkhoma ndi ku zipatala za maso za ku Kamuzu Central ndi Queen Elizabeth, ndipo agogo ambiri amene abale amati "asokonekera" amangokhala kuti sakuona kapena sakumva.

Ngozi zambiri zimachitika usiku, pakati pa mphasa ndi chimbudzi. Munthu wa mawondo ouma sangathe kunjuta pa dzenje n'kudzuka popanda chogwira. Pamafunika mpando wolimba woboola pakati, mtengo wokhomera bwino pakhoma wogwirira, chidebe chokhala ndi chivundikiro m'chipinda chogona, ndi tochi pamalo amodzi osasintha. HCT, piritsi la BP lokodzetsa lija, limwedwe m'mawa. Akalimwa madzulo amadzuka katatu usiku mumdima. Mu June ndi July mbaula ya makala isagone m'chipinda chotseka. Mpweya wake sununkha, ndipo munthu wokhala yekha alibe womudzutsa.

Pali nkhani imene sindiiwala, chifukwa chilichonse chimene chinalakwika chinali chotheka kupewa. Mayi wina wa zaka za m'ma 70, wodwala shuga, ankamwa glibenclamide m'mawa uliwonse. Anadwala chimfine, chilakolako cha chakudya chinatha, koma mtsikana wantchito, pomvera zimene anauzidwa kuti "mankhwala asamaphonye", anapitiriza kuwapatsa piritsi pamimba yopanda kanthu. Pofika masana mayiwo anayamba thukuta, kunjenjemera, kulalata, kutchula mayina a anthu omwalira kalekale. Mtsikana anaimbira mwana wa kunja. Foni sinayankhidwe, anali ku ntchito. Anaitana oyandikana nawo nyumba. Wina anati n'ziwanda, anabwera opemphera, anaimba mpaka usiku. Mayiwo atakhala chete, anthu anati agona. Anafika kuchipatala mawa lake ali chikomokere, shuga ali pansi kwambiri, ubongo utawonongeka kale. Mtsikanayo sanalakwe. Palibe anamuuza kuti piritsi limenelo limatsitsa shuga kaya munthu wadya kaya sanadye, kuti mphamvu yake imakhalitsa m'thupi la wokalamba makamaka impso zikafooka, ndiponso kuti tsiku limene mayi sakudya ndi tsiku loimbira namwino asanapereke piritsi. M'nyumbamo munali shuga wothira mu tiyi. Masipuni ang'ono 4 m'kapu ya madzi, akadali okhoza kumeza, akanawabweza mkati mwa mphindi 15.

Ndiye pakhomo pa wodwala shuga pakhale kamakina koyezera, ndi pepala pakhoma lolembedwa zilembo zazikulu: shuga akatsika pansi pa 4 mmol/L, kapena 70 pa makina owerenga mg/dL, apatseni madzi a shuga, yezaninso pakatha mphindi 15, apatseni phala, ndipo mupite nawo kuchipatala ngakhale aoneke bwino, chifukwa ndi glibenclamide shuga amatsikanso. Akakomoka musawathire madzi m'kamwa. Agonekeni cham'mbali, pakani shuga mkati mwa tsaya, nyamukani.

Apa ndi pamene ndimafuna abale amvetse bwino kusiyana kwa zinthu ziwiri. Kuiwalaiwala kumene kumabwera pang'onopang'ono kwa miyezi ndi zaka, kufunsa funso limodzi kakhumi, kusochera panjira ya kutchalitchi, ndi matenda a ubongo a muukalamba. Amafuna kuunikidwa, koma si ngozi ya usiku womwewo. Kusokonekera kumene kwayamba dzulo kapena lero n'kwina. Kumbuyo kwake kumakhala chibayo, malungo, matenda a m'chikhodzodzo, kuchepa kwa madzi m'thupi, shuga, kapena magazi oundana m'mutu chifukwa cha kugwa kwa masabata apitawo. Okalamba ambiri satentha thupi ngakhale matenda atakula. Chizindikiro chokha chimakhala kubwebweta kapena kugona kwambiri. "Tione mmene adzuke mawa" ndi mawu amene apha makolo ambiri. Zengerezu adalinda kwawukwawu.

N'chimodzimodzi ndi sitiroko. Pakamwa papindika, mkono umodzi wagwa, mawu sakumveka: galimoto nthawi yomweyo, ngakhale zizindikirozo zitatha zokha pakapita mphindi zochepa. Musawamwetse phala kapena mankhwala, chifukwa ambiri amalephera kumeza ndipo chakudyacho chimalowa m'mapapo. Wogwa amene sakutha kuima, mwendo ukuoneka waufupi ndipo phazi lagwera kunja, wathyoka fupa la m'chiuno. Kumuthowa, kumutema mphini, kumukoka mwendo, n'kumuzunza. Masabata atatu ali pamphasa amabweretsa zilonda za pamsana ndi chibayo, ndipo zimenezo ndi zimene zimamutenga. Wogona osatha kudzitembenuza atembenuzidwe maola 2 aliwonse, usiku womwe.

Anthu odyera pa okalamba okhala okha achuluka. Ogulitsa mabotolo a "kuchapa magazi" m'mabasi ndi pa WhatsApp, oyenda ndi kamakina kogwira m'manja komwe amati kamaona matenda onse, aneneri ouza munthu wa BP kuti ataye mapiritsi posonyeza chikhulupiriro. BP siwawa, munthu amamva bwino kwa miyezi atasiya mankhwala, n'kuchitira umboni kuti wachira, mpaka tsiku la sitiroko. Pempherani nawo makolo anu, koma mapiritsi asachoke m'manja mwawo. Choopsa china ndi chakuti agogo oiwala, oyenda usiku osavala bwino, ndi amene amayamba kulozedwa chala kuti ndi afiti. Lamulo la 1911 lokhudza ufiti limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu, komabe okalamba akumenyedwa ndi kuphedwa pa chifukwa chimenechi, monga momwe bungwe loimira okalamba la MANEPO lakhala likudandaulira. Woyang'anira wanzeru, matendawo akadziwika, amapita ndi wachibale kwa amfumu, kwa abusa ndi kwa mlangizi wa zaumoyo kukafotokoza, anthu asanapeke nkhani yawo.

Za ndalama: wogwira ndalama asakhale yemwe akuwerengera ndalamazo. Nambala yachinsinsi ya Airtel Money kapena Mpamba ya kholo isadziwike kwa wantchito, ndipo woyang'anira asasunge khadi la ku banki. Iye aziona malisiti n'kutumiza lipoti lalifupi mwezi uliwonse: BP, shuga, sikelo, mapiritsi otsala, kugwa kulikonse, tsiku la kuchipatala. Pakhale ndalama ya mayendedwe yosakhudzidwa, dzina la woyendetsa galimoto amene wavomera kudzuka usiku, ndi kiyi wachiwiri kwa woyandikana naye wodalirika. Gulu la banja la pa WhatsApp limayankha "muchire msanga amama" koma silipanga chiganizo. Sankhani mwana mmodzi wolamula, ndi wachiwiri ngati woyambayo sakupezeka, ndipo mulembe kuti onse akapanda kuyankha, woyang'anira ali ndi mphamvu yotengera kholo kuchipatala osadikira.

Zonsezi zikambidwe kholo lili pomwepo. Munthu amene mutu wake uli bwino ali ndi ufulu wokana mlendo m'nyumba mwake, ndipo mukamukakamiza amabisa mapiritsi ndi mabala. Mugwirizane naye, akadali ndi mphamvu, zizindikiro zimene zidzasonyeze kuti kugona yekha kwatha: kugwa kawiri m'miyezi 6, kusiya moto osazima, kusochera, kulephera kufika kuchimbudzi. Chimodzi mwa izi chikachitika, usiku umenewo m'nyumbamo mugone munthu wamkulu, osati mdzukulu wa Sitandade 4, kwinaku abale akukambirana ngati kholo lisamuke kapena wina asamukire kumeneko.