Chilonda cha galu chikakana kupola

Galu aliyense, ngakhale wooneka wathanzi, amakhala ndi mabakiteriya a mtundu wa Staphylococcus pakhungu, m'mphuno ndi m'kamwa. Ofala kwa agalu ndi Staphylococcus pseudintermedius. Anthufe timakhala ndi achibale ake, Staphylococcus aureus, omwe amapezeka m'mphuno mwa munthu mmodzi mwa anthu pafupifupi atatu alionse osamudwalitsa. Vuto limabwera khungu likang'ambika. Galu wa utitiri kapena mphere akadzikanda, tizilomboti timalowa, ndiye mumaona timatuza ta mafinya pamimba, nkhanambo ndi ubweya wothothoka mozungulira ngati ndalama yachitsulo.

Chomwe anthu ambiri kuno ku Kasungu amachita n'chodziwika: kugula kapisozi wa amoxicillin, kumutsegula n'kuwaza ufawo pachilonda, kapena kumwetsa galu masiku awiri basi. Mankhwala ochepa chotere amapha tizilombo tofooka n'kusiya tolimba kuti tiswane. Tina mwa tolimbato tili ndi jini (kachidutswa ka chibadwa) yotchedwa mecA, yomwe imathandiza tizilomboti kumanga khoma loteteza thupi lawo ngakhale penicillin, amoxicillin kapena cloxacillin alipo. Kwa anthu timatitcha MRSA, ndipo tinadziwika koyamba ku Britain mu 1961. Kwa agalu ndi MRSP.

Musafulumire kuloza galu chala. MRSA nthawi zambiri amachoka kwa munthu kupita kwa chiweto, kenako n'kubwerera kwa a m'nyumba. MRSP sagwira anthu kawirikawiri, koma amalowa m'thupi mwa munthu galu akaluma, akanyambita bala, kapena mukafinya mafinya ndi manja. Ofunika kusamala kwambiri ndi makanda, okalamba, odwala shuga, amene chitetezo cha m'thupi chatsika, komanso amene angochitidwa opaleshoni.

Zilonda za pamwamba pakhungu zambiri zimapola popanda mankhwala akumwa. Metani ubweya kuzungulira chilondacho, sambitsani galu ndi sopo wa chlorhexidine wa 2 mpaka 4 peresenti, ndipo thovu likhale mphindi 10 musanatsukuluze. Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa, amatsukuluza msanga. Chitani zimenezi kawiri kapena katatu pa sabata kwa milungu itatu kapena inayi, osafikitsa m'maso. Muthanenso ndi utitiri ndi mphere, apo ayi zilonda zibweranso.

Valani magolovesi, kapena jumbo ngati mulibe, kenako sambani m'manja ndi sopo kwa masekondi 20. Chiguduli chomwe galu amagonera muchichape pachokha ndi madzi otentha, chiume padzuwa. Mbale yake isasakanikirane ndi zanu.

Chilonda chikakhala chakuya, kapena chikapanda kusintha pakatha milungu iwiri, onanani ndi alangizi a ziweto. Mafinya akhoza kuyezedwa ku labotale kuti adziwe mankhwala omwe angagwire. Inuyo mukatuluka chithupsa chotentha chomwe chikukulirakulira, makamaka thupi likatenthanso, pitani kuchipatala ndipo muwauze kuti kunyumba kuli galu wa zilonda.