Ndalama ya puloti ija imapita kuti?

Dzinja lililonse, madzi akamatsika m'mapiri ozungulira Chipata n'kukokolola njira, pamabwera munthu ndi lisiti lopindapinda m'manja. "Abambo, pogula puloti ndinalipira ndalama ya msewu. Msewuwo uli kuti?" Ntchito yanga ndi yojambula mapulani a malo omangapo nyumba, ndipo funsoli limandipweteka chifukwa wofunsayo salakwa.

Malinga ndi lamulo la malo la 1995, malo onse m'Zambia ali m'manja mwa Pulezidenti. Khonsolo imangoimira Commissioner of Lands, mkulu woyang'anira za malo m'boma: imalengeza mapuloti, kufunsa ofuna malo ndi kutumiza maina ku unduna wa za malo, komwe kumachokera taitolo ya zaka 99. Ndalama zimene mumalipira pa ulendowu si zofanana. Ground rent, lendi ya malo yolipira ku boma, imapita ku unduna. Ya pulani ya nyumba ndi yoti akatswiri aone ngati mwajambula bwino. Imene anthu amaitcha service charge ndiyo ya msewu ndi ngalande, yoti girediya ilowe, mapaipi aikidwe pomwe madzi amawolokera, malo atseguke kuti a magetsi a ZESCO ndi a kampani ya madzi apeze podutsa.

Apa ndi pomwe pagona nkhani. Khonsolo ili ndi antchito ofuna malipiro, magalimoto a zinyalala ofuna dizilo. Ndalama ya mapuloti ikasakanizidwa ndi zina zonse m'thumba limodzi, imadyedwa ndi mavuto a mwezi umenewo. Anthu amamanga, wina amalowetsa mpanda wake m'msewu, ndipo girediya ikadzabwera patapita zaka, ilibe pokhotera. Ndinaonapo mayi wina akunyamulitsa matumba a simenti pa wilibala mtunda wautali chifukwa lole inakanika kufika pa puloti yake. Lisiti anali nalo.

Ine ndimati ndalama imeneyi izisungidwa payokha, dera lililonse ndi buku lake, ndipo msewu uzilimidwa munthu asanaikepo njerwa. Khonsolo ingathenso kupempha thandizo ku Land Development Fund, thumba lomwe lamulo lomwelo la 1995 linakhazikitsa potsegulira malo atsopano. CDF, ndalama ya boma ya chitukuko cha konstityuwensi, inakwera kufika pa K25.7 miliyoni pa konstityuwensi mu 2022, koma si yoti izikwirira dzenje lomwe anthu analipirira kale.

Chipata inakhala mzinda mu 2017, ndipo nyumba zafalikira mpaka m'malo a mafumu. Wogula malo kwa nyakwawa sanalipire service charge, choncho palibe thumba lomuyembekezera. Lamulo la mapulani la 2015 limalola khonsolo kupangana ndi mfumu za kamangidwe ka dera lotere, ndipo ndi bwino kutero msanga.

Ngati munalipira, sonkhanitsani malisiti ndi anansi anu, pitani nawo ku komiti ya chitukuko ya wodi yanu ndi kwa khansala. Funsani kuti dera lanu linapereka zingati, ndipo msewu wanu uli pa tsamba liti la bajeti.