Perekani katundu akadali ndi moyo

Ntchito yanga ndi kumasula matumba ndi makatoni a katundu amene anthu apereka, n'kusankha zoti zigawidwe ndi zoti zitayidwe. Chimene chimandiwawa kwambiri ndi nsapato zimene sizinapondepo pansi, zikadali m'bokosi lake, koma ukangozipinda soli yonse n'kuyoyoka. Mwiniwake anazisunga bwino ndithu. Anangochedwa kuzipereka.

Ambiri timaganiza kuti chinthu chikakhala m'kabati ndiye kuti chikupuma. Ayi, chimakalamba chili momwemo. Soli za nsapato zambiri zimapangidwa ndi polyurethane (mtundu wa pulasitiki), imene chinyezi cha mumpweya chimaidya pang'onopang'ono ngakhale nsapatoyo isakuvalidwa. Lasitiki wa m'chiuno amamasuka, chikopa chimachita nkhungu, njenjete zimaboola majuzi aubweya, mabatire oiwalika m'tochi amatuluka madzi n'kuwononga zitsulo za mkati. Mukamati "ndidzachifuna tsiku lina", dziwani kuti tsikulo likadzafika mwina chidzakhala chosathandiza inu, chosathandizanso wina.

Nanga chimatigwira dzanja n'chiyani? Katswiri wa zachuma Richard Thaler, amene analandira mphoto ya Nobel mu 2017, anafufuza khalidwe limeneli pamodzi ndi Daniel Kahneman ndi Jack Knetsch. Pa kafukufuku amene anamusindikiza mu 1990, ophunzira ena anapatsidwa makapu, ena ayi. Opatsidwawo atafunsidwa kuti agulitse, anatchula mtengo pafupifupi kuwirikiza kawiri umene anzawo ankalolera kulipira, chikhalirecho kapuyo anali atangomugwira kanthawi kochepa. Chinthu chikangotchedwa "changa" chimalemera m'maso. Ndiye lingalirani diresi limene mwakhala nalo zaka khumi!

Choncho funso loti "kodi n'chabwinobe?" silithandiza, poti yankho lake nthawi zonse ndi inde. Dzifunseni kuti: chikanakhala kuti ndilibe, ndikanapita kukachigula lero? Mukazengereza, chiikeni pambali. Ndalama munagulira zija zinapita kale, kusunga sikuzibweza. Pa zovala, tembenuzani mahang'ala onse ayang'ane mbali imodzi, ndipo chovala chilichonse mwavala muzichibwezera hang'ala wake atayang'ana mbali inayo. Chaka chikatha, nyengo yozizira ndi yotentha zitadutsa, wadiropu idzakuuzani yokha zoona. Musayambe ndi zithunzi kapena makalata akale, mudzathera tsiku lonse mukuwerenga. Yambani ndi dirowa imodzi.

Tsono apa ndilankhule mosabisa, poti ndi pamene ambiri amaphonya. Kupereka si njira yotayira zinyalala popanda kudziimba mlandu. Shati yong'ambika m'khwapa, ketulo yopanda chingwe, chidole chothyoka, zonsezi zikafika kwa ife zimadya nthawi ndi ndalama zoti tikazitaye, zimene zikanathandiza munthu. Muyeso wanga ndi wapafupi: ngati mungachite manyazi kupatsa mnzanu chinthucho pamaso, musachiike m'thumba. Chapani, yanikani ziume gwa (chovala chimodzi chachinyezi chimanunkhitsa thumba lonse), mangani nsapato ziwiriziwiri, zingwe ndi zivundikiro zipite pamodzi ndi zipangizo zake. Matiresi ndi mipando ya nsalu muziyang'ana m'misoko ngati muli timadontho takuda, chifukwa nsikidzi zimatha miyezi osadya ndipo zimasamuka ndi katundu.

Mankhwala otsala musapereke, ngakhale tsiku lake lisanathe. Anaperekedwa poyang'ana matenda anu ndi thupi lanu, komanso palibe angatsimikize mmene anasungidwira. Funsani kufamase mmene mungawatayire. Chisoti cha njinga chimene chinamenyekapo pangozi nacho sichoperekanso, poti mng'alu wake umakhala mkati mosaoneka.

Musananyamule, funsani kaye kumene mukupititsako kuti akusowa chiyani. Malo ena zovala zadzaza mpaka kudenga koma akusowa mabulangete ndi mapoto. Ndipo mukasankha, katunduyo atuluke sabata yomweyo. Thumba likagona pakhomo masiku ambiri, wina m'nyumbamo amalimasula n'kuyamba kubweza zinthu chimodzichimodzi.

Foni ndi kompyuta zili ndi mwambo wake. Koperani zithunzi zanu, tulukani mu akaunti ya Google kapena Apple, chotsani simu khadi ndi memori khadi, kenako fufutani zonse kuti ibwerere mmene inalili pogula. Mukafufuta musanatuluke mu akaunti, foni zambiri zimadzitseka n'kumafuna pasiwedi yanu, ndipo wolandirayo sangaitsegule. Ndili ndi katoni ya mafoni otere pansi pa tebulo langa, abwinobwino, amene eni ake sitikuwadziwa.