Mavitamini sachiritsa psoriasis, musapusitsidwe

Pa WhatsApp pamazungulira mauthenga oti nthenda ya pakhungu yotchedwa psoriasis imabwera chifukwa cha "magazi oipa", ati mukamwa mavitamini kapena zitsamba zotsuka magazi imatheratu. Limeneli ndi bodza.

Psoriasis imayamba chitetezo cha m'thupi chikasokonekera n'kumafulumizitsa khungu kukula. Khungu lomwe limatenga pafupifupi mwezi kuti lisinthike limangotenga masiku 3 kapena 4, ndiye limaunjikana n'kupanga zigamba zokhuthala, zamamba otuwa, makamaka m'zigongono, m'mawondo ndi m'mutu. Ambiri amaziyesa zipere. Koma iyi siyopatsirana ayi, ngakhale mutagona mphasa imodzi ndi wodwalayo.

Bodza la mavitaminili mwina lili ndi pomwe linachokera. Madokotala amaperekadi mafuta opaka monga calcipotriol, omwe ndi apachibale ndi vitamini D, ndipo amathandiza. Komatu kupaka n'kosiyana ndi kumeza. Mapiritsi a vitamini D ndi a munthu amene vitaminiyo ikumuperewera m'thupi, basi. Mukawachulutsa amakweza kashiamu m'magazi n'kuwononga impso.

Vaseline kapena aloe vera amafewetsa khungu ndi kuchepetsa kuyabwa, pamenepo palibe vuto. Oopsa ndi mafuta otchedwa "achilengedwe" omwe ogulitsa ena amabisamo ma steroid, mankhwala amphamvu ochepetsa kutupa ndi kuyabwa: zigamba zimazimirira msanga, mukangosiya kupaka zimabwerera zitalusa. Mankhwala othetseratu psoriasis palibe, koma kuchipatala amatha kuichepetsa kwambiri. Ikabuka mwadzidzidzi n'kufalikira thupi lonse, kayezetseninso HIV, chifukwa kachilomboka kamaikulitsa.