Mchere sugwira utoto wa makungwa

Sabata ndi sabata ndimamva zomwezomwezo: "Ndinathira mchere wambiri mu utoto koma nsalu yasulukabe." Inde, isuluka! Mchere umathandiza utoto wa m'mapaketi, wa kufakitale. Pa utoto wa makungwa, masamba ndi mizu mukungotaya mchere wa ndiwo.

Chaka chatha kunabwera mayi wina ndi nsalu zisanu ndi imodzi za lineni, zapakaunjika, zoti akayale pamatebulo pa ukwati wa mwana wawo. Anazinyika mu turmeric, ufa wachikasu wokometsera ndiwo, ndi mchere, monga anawauzira wina pa WhatsApp, n'kuziyanika padzuwa la Okutobala. Pofika tsiku lachitatu zinali mawangamawanga ngati zotayikira tiyi. Anandipeza Lachinayi madzulo, ukwati uli Loweruka. Akanabwera sabata imodzi m'mbuyo tikanazipulumutsa. Zimandiwawabe, chifukwa inali lineni yeniyeni, yolemera, yozizira m'manja.

Lineni imachokera mu tsinde la fulakesi, mbewu yomwe amalima kwambiri kumpoto kwa France ndi ku Belgium. Saidula, amaizula n'kuigoneka m'munda masabata angapo kuti mame ndi mvula ziwoletse zomatira za ulusi. Ulusi wake ndi wouma mtima, sumwa utoto msanga ngati ubweya wa nkhosa.

Choncho yambani mwawiritsa nsaluyo ola limodzi kapena awiri m'madzi a chidulo, chomwechi cha therere. Madziwo akada, musadabwe, ndi mafuta ndi litsiro zomwe zikanatchinga utoto. Kenako igone m'madzi ofunda a makungwa owawa, monga a mbawa. Mawa lake ilowe mu alamu (alum, mankhwala ogwiritsa utoto), magalamu pafupifupi 150 pa kilogalamu ya nsalu youma. Makungwa amagwira ulusi, alamu n'kugwira makungwa, utoto n'kugwira alamu. Mukadumpha chimodzi, zonse zitsalira m'beseni. Turmeric yekhayo, ngakhale mutatsata zonsezi, amathawa dzuwa. Mukafuna chikasu chokhalitsako, tengani makoko a anyezi.

Koma chondidetsa nkhawa kwambiri ndi anthu ogulitsa ufa wopanda dzina m'timapepala, ati "chogwiritsa utoto". Wina umakhala wabuluu, wa kopa, wina wofiirira ngati lalanje, wa chrome, womwe umawotcha khungu ndipo umayambitsa khansa. Ndaonapo manja osupuka mpaka m'chigongono. Wogulitsa akakanika kukuuzani dzina la mankhwalawo, musiyeni nawo. Ndipo mphika womwe mwaphikira utoto usabwererenso kukhitchini, ngakhale muukweche ndi mchenga.