Zoti mlimi woyima payekha sangawine ndi bodza lakalekale

Ndatopa nazo abale. Zaka ndi zaka timangomva kuti mlimi akaima payekha opanda chipani pa chisankho cha aphungu ndiye kuti voti mwataya, ati ngakhale awine chitukuko sichibwera poti alibe "akuluakulu" kumbuyo. Sizoona.

Kuno ku Malawi mu 2014 aphungu oyima pawokha anawina mipando 52 mwa 193, mu 2019 anafika 55, ndipo mipando yambiri ndi ya kumudzi komwe ovota ake ndi alimi anzathu omwewa. Malamulo safuna digiri kapena kadi ya chipani, munthu akhale mzika wazaka 21 kupita m'mwamba, olembetsa kuvota, otha kuyankhula ndi kuwerenga chizungu. Ndalama zachitukuko za m'dera zimapita ku konsitichuwense iliyonse mofanana, chipani kaya palibe, nkhani imakhala kagwiritsidwe kake.

Inde kampeni opanda chipani ndi yowawa, thumba ndi lako lomwe, mwina mpaka kugulitsa chimanga cha m'nkhokwe, koma zimenezo ndi zina.

Zotsatira za zisankho zakale zilipo pa intaneti, komanso mutha kufunsa ku khonsolo kwanu mmene ndalamazo zayendera. Musanatumize uthenga pa gulupu ya WhatsApp yambani mwaona kaye chonde.